Mwaye pa Bulauzi Yoyera

1. Kachitsulo kakuda

Pali ana ena amene sukulu ikangowalowa m'mutu, nyumba imene anakuliramo imayamba kuwanunkha. Mwaiwathu wa ku Ingezi, mumzinda wa Kadoma, anali mmodzi wa ana otere. Nzeru anali nazo, zimenezo palibe angatsutse. Koma khalidwe lake panyumba, asa, linali lochititsa nseru.

Mtsikanayu anali mu Fomu 4. Makolo ake anamwalira iye akukwawa, ndipo amene anamubereka kumsana mpaka kukula anali azakhali ake, a Felista. Ankakhala atatu m'kanyumba ka agogo ake aamuna, a Yakobo, nkhalamba imene inachoka ku Malawi ili mnyamata kudzakumba golide m'migodi ya kuno.

Ntchito itawathera ku fakitale ya nsalu, a Felista anayamba kuchapira anthu zovala. Manja awo anali ong'aluka ndi sopo. Mwana wawo wobereka okha, Irene, anakwatiwa ku Sanyati, ndipo sankatopa kuwaimbira foni kuti apite akakhale naye, akapumule. Iwo yankho lawo linali limodzi: "Nanga Mwai ndimusiyira yani? Ayambe wamaliza sukulu."

Mukuganiza kuti Mwaiyo ankathokoza? Ayi ndithu. Azakhali akamuyankhula m'Chichewa, iye ankayankha m'Chishona. Ana ambiri a ku Ingezi amatero, ndipo si mlandu. Koma uyu ankachitira dala, chifukwa kusukulu anzake ankaseka anthu ochokera ku Malawi n'kumawatchula kuti mabhurandaya, ndipo iye sankafuna kuti dzinalo limumatirire.

Tsiku lina kusukulu kwawo kunabwera injiniya wa ku yunivesite, mayi Gladness. Anatulutsa m'kabokosi kachitsulo kozungulira, kofanana ndi chivindikiro cha botolo la jamu. Mbali imodzi kanali kachitsulo wamba. Mbali inayo kanali kakuda bii, konyezimira.

"Kudaku si utoto ndipo si litsiro," anatero mayiwo, akusakaniza Chingerezi ndi Chishona. "Ndi kakhungu ka kaboni kosakanizika ndi haidirojeni. N'kopyapyala kwambiri, moti tsitsi lanu limodzi ndi chimtengo poyerekeza ndi iko. Kaboni ndi yemwe uja ali m'makala, m'kati mwa pensulo ndi mu dayamondi. Chimasiyana ndi kagwiranidwe ka maatomu ake. Mu dayamondi atomu iliyonse imagwirana ndi maatomu anayi, n'chifukwa chake dayamondi ndi wolimba. Mu pensulo imagwirana ndi atatu, ndipo amayalana ngati mapepala osanjikizana amene sachedwa kutsetsereka. M'kakhungu aka muli magwiridwe onse awiriwo, osakanizika, opanda mizere. Pamene kaboni watsala wopanda chogwira, haidirojeni ndi amene amadzagwirapo. Haidirojeni akachuluka, kakhungu kamafewa ngati pulasitiki. Akakhala wa muyezo wabwino, kamalimba ndipo kamaterera."

Anakanda mbali yakudayo ndi msomali, koma sipanaoneke mzere. Anagunditsa mawaya a kababu ka tochi ku mbali yoyera, kababu kanayaka. Anagunditsa ku mbali yakuda, kababu kanakhala chete. Anafotokoza kuti kakhunguko amakapangira mumphika wachitsulo wotsekedwa, wochotsedwa mpweya wonse, momwe amalowetsamo mpweya wa kabaidi, womwe uja amawotcherera zitsulo, n'kuuswa ndi magetsi. Cholinga chawo chinali kukuta zitsulo za mipope yopopa madzi m'migodi ing'onoing'ono, kuti mchenga usamazidye msanga.

"Mdani wake ndi moto," anatero. "Kakatentha kwambiri haidirojeni amathawa, kakhungu kamafooka, kenako kamapserera."

Mwaiwathu anayankha mafunso bwino kuposa onse, ndipo mayi Gladness anamubwereka kachitsuloko kuti akakaonetse pa chionetsero cha sayansi cha masukulu ku Chegutu. Anamupatsanso kabokosi kake, msomali ndi kababu kaja. Anamuuza kuti kanali koyamba kuwatulukira bwino atalephera kwa zaka zambiri. Anamulonjezanso kuti akakachita bwino, adzamutenga pa holide kuti akaphunzire nawo ku labotale. Mwaiwathu malo amenewo anawafuna ndi mtima wake wonse.

2. Chopita pagulu chiziwala

Atafika kunyumba anakakulunga m'kansalu n'kukaika pamwamba pa kabati. Azakhali anamuona.

"Kodi ndi chiyani chimenecho, mwanawe, chosungidwa ngati dzira?"

"Ndezvechikoro, tete," anayankha osatembenuka, kutanthauza kuti ndi zakusukulu, azakhali. Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Simungazimve."

"Tangondiuza pang'ono, mwina n'kumva."

Mtsikanayo anangosonya n'kulowa kuchipinda. Taonani mwano wake!

Tsono a Felista anali ndi chinthu chimodzi chimene ankanyadira pa dziko lapansi, ndicho mapoto awo. Mzere wonse wa nyumba zawo unkadziwa kuti poto wa a Felista umatha kumetera ndevu. Ankakwecha ndi phulusa, likakanika mchenga, ukakanika waya. Chiwaya chikachita makoko osamva zonsezi, ankachigoneka pamakala a moto mpaka makoko atapsa, kenako n'kuchikwecha. Lamulo lawo linali lakuti chinthu chopita pagulu chiziwala.

Dzulo lake la chionetsero, Mwaiwathu ali kusukulu, a Felista anasita yunifolomu yake, anapukuta nsapato, kenako maso awo anagwera pa kansalu kaja. Atafunyulula anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Mwanayu akapite nacho chakuda chonchi pamaso pa anthu? Akati kwawo kulibe munthu wamkazi."

Anayamba ndi sopo. Palibe chinachoka. Anatenga phulusa, kenako mchenga, kenako waya wotsukira mapoto. Thukuta linali kamukamu, koma kuda kuja kunali pompo, kukunyezimirabe ngati kukuwaseka.

"Iwe sundidziwa," anatero.

Magetsi anali atathima chim'mawa, choncho mbaula inali ili chiyakire. Anakaponya pakati pa makala, mbali yakuda pansi, n'kukupiza ndi chivindikiro. Patapita nthawi anakavuula ndi mpeni. Kuda kuja kunali kutayamba mawangamawanga. Anakabwezeranso pamoto mpaka kunatheratu. Katazizira anakakwecha ndi mchenga, ndipo kanawala mbali zonse ziwiri.

Mwaiwathu atabwera, azakhali anamulandira akumwetulira, kachitsulo kali pambale yadothi ya alendo.

"Taona, Mwai. Kanali kouma mutu, koma ndakagonjetsa."

Mtsikanayo anakatembenuza uku ndi uku. Kenako anakuwa mpaka agalu a kuseri anauwa.

"Mwandipha! Mwandipheratu! Anakutumani ndani? Musadzakhudzenso zinthu zanga ndi manja anuwo!"

Anamenyetsa chitseko. A Felista anatsala ali chilili ndi mbale m'manja. Anayang'ana manja awo ong'aluka aja, n'kuganiza kuti mwana wakwiyira kuti amugwirira katundu osapempha. Zoti kuda kuja ndiye kunali chuma chonse, palibe anawauza.

3. Nyale ya agogo

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, kunabwera msuweni wake, Learnmore, amene ankawotcherera zitsulo pafupi ndi siteji ya makombi, maminibasi a kuno. Anali mnyamata wa maso akuthwa, wosasowa njira yachidule. Atamva nkhani yonse anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ukulirira zimenezi? Si iwe unandiuza kuti amapanga ndi mpweya wa kabaidi? Kabaidi ndili naye m'thumbamu. Sekuru, agogo athuwa, ali ndi nyale yawo ya kumgodi ija. Tikayatsa, mwaye wake ndi wakuda bii. Pamwamba tipopera mankhwala olimbitsa tsitsi kuti anyezimire. Kaboni ndi kaboni, mwana wa amalume."

"Sizofanana," anatero Mwaiwathu. "Mwaye sugwira."

"Ndiye usalole munthu akhudze. Iwe uzingolankhula Chingerezi chakocho."

Mwaiwathu ankadziwa bwino lomwe kuti akunamizidwa. Mutu umene unamva za maatomu anayi ndi atatu sukanalephera kusiyanitsa mwaye ndi kakhungu. Komabe anakaba nyale ija pansi pa bedi la agogo, ndipo awiriwo anakanjuta kuseri kwa chimbudzi.

Learnmore anaika timiyala ta kabaidi m'nyale n'kudonthezera madzi. Panatuluka chifungo choipa, cha adyo wowola, chimene chinasakanikirana ndi cha chimbudzi. Ntchentche zinali wiriwiri. Mwaiwathu anatseka mphuno ndi dzanja limodzi, linalo atagwira kachitsulo ndi pulayala pamwamba pa lawi. Mwaye unayamba kumata.

"Basopa! Chenjerani!"

Onse anadzidzimuka. Anali agogo a Yakobo, atatsamira ndodo yawo. Mphuno ya munthu amene wakhala pansi pa nthaka moyo wake wonse siiwala fungo la kabaidi. Learnmore anangoti psiti, kulumpha mpanda. Nkhalambayo inayang'ana nyale, inayang'ana kachitsulo, kenako inafunsa. Mwaiwathu anafotokoza mwachidule, nkhope ili kumbali.

"Khala pansi, mdzukulu wanga," anatero agogo. "Nyale imeneyi ndatsika nayo pansi nthawi zosawerengeka. Mwaye wake ndimaudziwa. Tinkalembera nawo zizindikiro pathanthwe kuti anzathu a usiku adziwe poboola. Madzi akangodontha, chizindikiro chinkafufutika. Munthu akangotsamira, chinkapita ndi malaya ake. Mwaye sukhala ndi mwini, umapita ndi aliyense waukhudza.

"Kumgodi kwathu kunali kapitawo wina. Mtengo wochirikiza denga unang'aluka. M'malo mokanena kuti ubwere wina, anaopa kukalipiridwa ndi bwana. Anamata mng'aluwo ndi dothi, pamwamba n'kupaka laimu. Unakongola kuposa mitengo yonse. Bwana anadutsa n'kuyamikira. Koma thanthwe siliona laimu, mdzukulu wanga. Linatsika anthu ali pansi pake, ndipo ena mwa iwo tinakwera nawo sitima imodzi pochoka kwathu. Kapitawoyo anapulumuka, koma mpaka imfa yake palibe anadya naye mbale imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Madzi akatayika sawoleka. Chinthuchi chapsa, chapsa basi. Zatsala ziwiri. Choyamba, lowa m'nyumbamo ukawauze azakhali ako chimene anawotcha, m'chiyankhulo chimene amamva. Akhala kukhitchini osadya chimasana, sakudziwa kuti alakwa chiyani. Felista si chitsiru. Makina a nsalu amene ankayendetsa aja iwe sungawayatse n'komwe. Chachiwiri, mawa ukawapatse eni ake chili choyera chomwecho, ukanene zoona. Akakukalipira, ukalandire. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine ndakutsina."

Mwaiwathu anadzuka n'kusasa siketi.

"Sekuru, mukufuna ndikaime pagulu ndikanene kuti kwathu timawotcha zinthu za sayansi pambaula? Akandiseke Chegutu yonse? Malo anga ku labotale apite chifukwa cha umbuli wa anthu ena?"

"Umbuli wa yani?"

Atafunsa choncho, agogo anatola nyale yawo n'kulavula pansi. Mtsikanayo anadikira kuti alowe m'nyumba, kenako anapopera mankhwala a tsitsi aja pamwaye. Kukhitchini sanapiteko.

4. Ku Chegutu

M'mawa mwake anakwera kombi ya ku Chegutu pamodzi ndi mphunzitsi ndi ana ena a sukulu yawo. Kabokosi anakagwirira pamiyendo njira yonse, osalola mnzake aliyense kusuzumira. Fungo la kabaidi linali lisanachoke m'zala zake ngakhale anasamba kawiri konse.

Holo inali yodzaza. Ena anabweretsa mbaula zosawononga nkhuni, ena zosefera madzi. Tebulo loyandikana ndi lake linali la Nomatter, mtsikana wa m'kalasi mwake, wa pakamwa posatseka. Mwaiwathu anamata chithunzi cha maatomu pakhoma, anaika kachitsulo pakansalu kofiira, mbali yakuda kumwamba. Kunena zoona, kwa munthu woyang'ana ali patali kankaoneka ngati kenikeni. Msomali ndi kababu anazibisa pansi pa tebulo.

Oweruza ali pa matebulo a kutsogolo, pakhomo panatulukira mayi wina atavala bulauzi yoyera mbee ya amayi a kumpingo, duku loyera, ndi kachikwama m'manja. Anali a Felista. Anaganiza kuti njira yopepesera mwana ndi kudzamuombera m'manja, ndipo anavala chovala chabwino koposa chimene anali nacho. Atamuona anakweza dzanja.

"Mwai! Ndafikatu, mwanawe!"

Nomatter anatembenuka, maso ali gwa.

"Ndani ameneyo akulankhula chibhurandaya? Ndi amayi ako?"

"Ayi," anatero Mwaiwathu m'Chishona, mawu osanjenjemera n'komwe. "Ndi mayi wina wa mumzere mwathu. Amatichapira zovala."

Zonyansa! Pakamwa pomwepo pamene a Felista ankapukuta phala. Ndipo a Felista anali atafika kale kumbuyo kwake. Chishona ankachimva bwino, anabadwira konkuno. Anaima pang'ono, kumwetulira kuja kunazilala. Anaika kachikwama ka mbatata zophika pansi pa tebulo.

Nthawi yomweyo mphunzitsi anakodola Mwaiwathu kuti akatenge nambala ya tebulo lake. Sanachedwe. Koma pamene ankachoka, maso a azakhali anagwera pa kansalu kofiira kaja.

"Aaa! Kadanso? Ndi Learnmore ameneyu ndi manja ake a girizi."

Anayang'ana uku ndi uku, nsalu yopukutira panalibe. Oweruza anali akubwera. Anakanyamula msanga, anakathira mpweya wa m'kamwa, n'kukapukuta pachifuwa cha bulauzi yawo kamodzi kokha.

Mwaiwathu anafika pamodzi ndi oweruza, mayi Gladness ali patsogolo. Pakati pa kachitsulo panali mzere woyera wowala. Pa bulauzi yoyera ija panali chibanga chakuda bii, chonata.

"Lero ndiye sikanavute," anatero a Felista modabwa. "Dzulo kanandivuta mpaka pamoto."



5. Basi ya ku Sanyati

Mayi Gladness analandira kachitsuloko. Anakapukuta ndi chala, chala chinada. Anakanunkhiza n'kukwinya nkhope ngati munthu amene waponda zoipa. Kenako anatembenukira kwa a Felista, ndipo chimene chinatuluka pakamwa pawo chinali Chichewa chosalala.

"Mayi, mwati munakaika pamoto?"

Mwaiwathu anatsegula pakamwa osatseka. Injiniya wa ku yunivesite, Chichewa!

"Eya, ndine," anatero a Felista. "Ndinkati mwana asachite manyazi pagulu."

"Mverani, mayi. Kuda kuja sikunali litsiro. Kanali kakhungu kamene ndinakuta dala kuti chitsulo chisamadyeke. Mkati mwake muli kampweya kamene kamagwirizira zonse pamodzi. Moto ukachuluka kampweyako kamathawa, khungu limafooka n'kupsa."

"Ndiye chifukwa chake mchenga unalephera koma moto unatha," anatero a Felista pang'onopang'ono. "Ndiye kuti ine ndinasenda chinthu chabwinobwino." Anatembenukira kwa mwana wa mchimwene wawo. "Zomwezi ndiye unkati sindingamve? Ndinakufunsatu, Mwai. Ndinakufunsa kawiri."

Mwaiwathu anayang'ana nsapato zake, zomwe zija azakhali anapukuta.

"Tsono mwayewu waika ndani?" anafunsa mayi Gladness. "Fungo ili ndikulidziwa. Ndinakulira pakomboni ya mgodi konkuno ku Chegutu, bambo anga anali a ku Dedza, ndipo nyale yawo inkanunkha chonchi. Waika ndani?"

"Ndine," anatero Mwaiwathu, mawu ali pansi.

"Tamvera, mtsikana iwe, ndipo anzakowa amve nawo. Kachitsulo aka ndinakavutikira, ndipo mtima ukundipweteka. Koma ukanabwera nako kali koyera, n'kunena kuti kanalimbana ndi sopo, phulusa, mchenga ndi waya, koma kanagonja pa makala, ukanakhala kuti wabweretsa phunziro loposa limene ndinakutuma. Mayiwa anayesa kakhungu kanga mwa njira zonse osadziwa. Zimenezo ndikanakhululuka lero lomwe. Chimene chikundinyansa ndi mwayewu. Ku labotale munthu amayeza ali yekha, ndipo tonse timakhulupirira chimene wanena. Zitsulo zimenezi zikupita m'mipope, ndipo pansi pa mipopeyo pali anthu. Wopaka mwaye lero adzapaka mwaye pa zotsatira mawa. Munthu wotere sindingamusiyire makiyi. Malo aja iwalako."

Anakulunga kachitsulo m'kansalu n'kukaika m'chikwama. Mmodzi wa oweruza, bambo wa magalasi amene sanamve Chichewa chonsecho, analoza a Felista n'kufunsa m'Chishona kuti mayiwo anali ndani wake wa mtsikanayo.

Mpata unali umenewo. Mawu amodzi okha akanakwanira. Koma Nomatter anali pomwepo, makutu ali tcheru, ndipo Mwaiwathu anangotembenukira ku chithunzi chake cha pakhoma. Oweruza anadikira pang'ono, kenako anapita pa tebulo lina.

A Felista anatola kachikwama kawo, mbatata anazisiya pomwepo. Anatuluka muholomo mutu uli chilili, chibanga chakuda chili pachifuwa, osachiphimba ndi dzanja.

Mwaiwathu anamatula chithunzi chake n'kuwatsatira. Anawapeza pa siteji, akukwera kombi ya ku Kadoma. Munatsala malo awiri oyandikana kumbuyo. Kondakitala anawayang'ana onse awiri.

"Muli limodzi?"

"Ayi, mwananga," anatero a Felista mofatsa. "Ine ndine wochapa chabe."

Anakhala pa kampando ka pakhomo, kopinda kaja. Njira yonse sanacheuke. Mwaiwathu kumbuyoko ankangoona duku loyera likugwedezeka pa mabampu, ndipo fungo la kabaidi m'zala zake linamukwana, moti anatsegula windo.

Atafika ku Kadoma, anthu anatsika mopanikizana. Mwaiwathu analunjika kumene kumaima makombi a ku Ingezi, akuganiza kuti azakhali ali kutsogolo. Atayang'ana bwino, kunalibe. Anatembenuka. Patali, kupyola amayi ogulitsa nthochi, bulauzi yoyera inali ikukwera masitepe a basi yakale imene inali italiza kale injini. Pagalasi lake panali chikwangwani cha Sanyati, kwa Irene kuja.

Anathamanga, akugunda anthu ndi madengu. Sanaitane kuti tete. Kwa nthawi yoyamba pagulu la anthu, anakuwa m'chiyankhulo cha kwawo, mawu onse.

"Azakhali! Azakhali anga! Dikirani, ndine Mwai wanu!"

Anthu a pa siteji anacheuka. A Felista anakhala pampando wa pawindo, anayang'ana kutsogolo, ndipo chitseko cha basi chinatsekeka.